Jeke ya Kapitawo Wathu

Galaja imene ndinaphunziramo umakaniko ku Limbe inali ndi majeke atatu okha, ndipo iliyonse inali ndi malamulo ake. Ndinalowamo mu 1968 ngati sipanala boyi, tikulandirabe malipiro m'mapaundi ndi masheleni, kwacha isanabwere mu 1971. Ntchito yanga inali kutsuka mabawuti m'palafini, kusesa, kuphika tiyi ndi kukokera jeke paliponse pamene akuluakulu aloza ndi mlomo. Kupopa ankandilola. Kutsitsa, ayi. Mnyamata sankakhudza chotsitsira mpaka kapitawo atakhutira naye, ndipo ena mvula inkagwa n'kusiya akudikirabe chilolezocho.

Yaing'ono pa onsewo inali yopota ndi dzanja, yopanda oyilo, ya mtundu wa Shelley, imene inkabwera ndi Land Rover. Inali yaulesi pokwera koma sinkadziwa kutsika yokha, choncho ndi imene ankatipatsa tikamapita kukatenga galimoto yofera panjira. Yachiwiri inali ya botolo, yonenepa, yakuda bii ndi girizi wa zaka zambiri, pambali pake pali dzina loti Tangye. Imeneyi inali ya malole, ma Bedford ndi ma Leyland onyamula tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje. Yachitatu ndiyo tinkanyadira: jeke ya matayala ya Epco yochokera ku England, yaitali mwakuti inkalowa pansi pa Peugeot 404 n'kukafika pa difu, chogwirira chikadali kunja. Kuinyamula kunkafuna anthu awiri, kotero pageti sinkatuluka. Ngakhale mwini galaja yoyandikana nafe akabwera kudzabwereka, ankauzidwa kuti abweretse galimotoyo kuno.

Kapitawo wathu anali mtchona wobwerera. Anatha zaka zambiri ku Halale, m'magalaja a ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ndipo anabwerako ndi ovolosi yoyera, Chilapalapa chokalipira, ndi nkhani imodzi imene ankaikonda koposa. Ankati mu 1858 sitima yapamadzi yaikulu kuposa zonse za nthawiyo, Great Eastern, inakana kutsetserekera mu mtsinje wa Thames ku London, ndipo mwini luso lake, Brunel, anachita kuikankha ndi majeke, ena mwa iwo opangidwa ndi abale a kwa Tangye a ku Birmingham. Nkhaniyi ndi yoona, koma mmene ankaikambira ungaganize kuti iye analipo pa gombepo. Akamaliza ankasisita ya botolo ija n'kunena kuti, "Iyi ndi mdzukulu wa zimene zinakankha sitima. Nanga iwe, ndiwe mdzukulu wa yani?"

Tsiku loyesa mnyamata linkadziwika, chifukwa akuluakulu onse ankasiya ntchito n'kudzaima mozungulira. Kapitawo ankakuuza ujeke Land Rover kutsogolo mpaka matayala onse awiri atachoka pansi. Kenaka ankatenga kapu yake yachitini, tiyi ali ndendende, n'kuikhazika pa madigadi, paja madigadi a Land Rover ndi afulati. "Tsitsa, mwanawe." Tiyi akangotayika, ubwerere ku tsache mwezi wina. Akapanda kutayika, ankamwa pang'ono n'kukupatsa wotsalayo, ndipo kuyambira tsikulo unali munthu. Shuga ankathira wambiri mkulu ameneyu. Kukoma kwa tiyi uja sindinakuiwale.

Ife tinkangoti ndi nkhanza za achikulire. Nzeru yake inandionekera nditayamba kugula zida ndekha. Jeke iliyonse, ngakhale yachabechabe, imakweza bwino ikadali yatsopano, ndipo pamenepo wogulitsa sangachite manyazi. Khalidwe lake limadziwika potsika. Yabwino imamvera dzanja: ukapotoza pang'ono galimoto imatsika pang'ono, ukabweza imaima pomwepo. Yoipa imakana, imakananso, kenaka n'kumasula zonse kamodzi, galimoto n'kugwa ndi phi, zala za mnzako zikadali pansi. Kapu ija inkayesa dzanja la mnyamata ndi vavu ya jeke nthawi imodzi.

Mayeso ena anali a choko. Jeke ikachokera pa benchi, kapitawo ankaisenzetsa galimoto poweruka, n'kuimika ndodo pambali pa bampala, n'kulembapo mzere. M'mawa asanavale ovolosi ankayamba waona mzerewo. Bampala ikatsika, ngakhale pang'ono pokha, jeke ikatsegulidwenso.

Zam'kati mwa jeke si zambiri, n'chifukwa chake ngakhale ife amene sitinapite patali ndi sukulu tinazidziwa. Muli mosungira oyilo, kapisitoni kakang'ono kamene chogwirira chimakankha, pisitoni yaikulu yosenza katundu, ndi timipira tachitsulo tiwiri totseka njira. Ukakweza chogwirira, kampira koyamba kamatsegula, oyilo n'kulowa kwa kapisitoni. Ukatsindika, koyambako kamatseka, kachiwiri n'kutsegula, oyilo n'kukankhidwira kumbuyo kwa pisitoni yaikulu, komwe sangabwererenso mpaka utamasula chotsitsira. Nkhope ya pisitoni yaikulu ikaposa ya kakang'ono kakhumi, mphamvu yako imachuluka kakhumi, kuwonjezera pa imene utali wa chogwirira wakupatsa kale. Mtengo wake ndi thukuta: upope kambirimbiri kuti galimoto ikwere pang'ono. Ana asukulu amaphunzira zimenezi ndi dzina la Blaise Pascal wa ku France, amene anazilongosola m'zaka za m'ma 1600, ndipo jeke yonyamulika ya mtundu umenewu anaipanga Richard Dudgeon ku New York mu 1851. Chiyambire pamenepo nzeru yake ndi yomweyo. Ya m'sitolo lero ndi ya kapitawo wathu zimangosiyana kulimba kwa chitsulo, kusalala kwa pisitoni, ndi masilo, mphete zija zoletsa oyilo kuthawa.

Pa nkhani ya oyilo mkuluyu sankaseka ndi munthu. Madalaivala ambiri jeke ikachepa oyilo amathiramo buleki fuluwidi, poti ndi amene amakhala pafupi m'lole. Tsiku loyamba imagwira bwinobwino. Koma mafuta a mabulekiwa amatupitsa labala wa masilo a jeke, amakokanso chinyezi, dzimbiri n'kuyamba kudya pisitoni. Majeke ambiri amene anthu amawanena kuti anali abodza anaphedwa ndi eni ake mwa njira imeneyi. Oyilo wa injini nayenso ndi wolemera. M'mawa wa mu Juni ku Limbe, chiperoni chitakuta, ungapope mpaka kutopa galimoto ikukwera monyinyirika. Jeke ili ndi oyilo wakewake wopepuka, ndipo kabotolo kamodzi kamakhala zaka.

Epco ija kapitawo anaigula ine ndisanafike, koma nkhani ya kugulidwa kwake tinkaimva kawirikawiri. Mtengo wake unkaposa malipiro anga a miyezi yambiri. Munthu wamba sankalota zokhala ndi jeke ya matayala kunyumba. Ndi angati anali ndi galimoto yomwe? Mwini sitolo, mmwenye wa mumsewu waukulu wa Limbe, sanalembe pepala lililonse la galanti. Anangoti, "Tengani, kapitawo, mukaiyese sabata imodzi. Ikakuvutani mubwere nayo." Patapita zaka, silo itayamba kudontha, kapitawo anabwerera komweko, ndipo mwini sitolo analemba nambala ya jekeyo m'buku lake n'kuitanitsa masilo ku England. Anadzera pa doko la Beira, nakwera sitima yapamtunda yowoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, nalowera ku Nsanje mpaka pa siteshoni ya Limbe. Tinadikira miyezi, koma anafika, ndipo analowa ndendende. Galanti ya masiku amenewo inali imeneyo: wogulitsa amene mawa umupezanso pomwepo, ndi fakitale imene ikupangabe zokonzera za chinthu chimene inakugulitsa kalekale.

Zinasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala. Katundu anayamba kuyenda pa msewu, wina kudzera ku Tete malole ali pamdipiti asilikali akuwaperekeza, wina kuzungulira ku Zambia. Kanthu kakang'ono ngati silo ya jeke ndani akanakaganizira? Apa kapitawo anali atakalamba, maso atayamba kufooka, koma m'pamene anatiphunzitsa zambiri. Tinkapita kwa wosoka nsapato kukapempha chikopa chang'ombe chokhuthala, n'kuchiviika m'oyilo usiku wonse, n'kuchipana pa vaisi pakati pa soketi yaikulu ndi yaing'ono mpaka chitatenga maonekedwe a kambale. Majeke akale ambiri masilo awo anali achikopa kale, ndiye chikopacho sichinali mlendo. Kampira kachitsulo kakachita dzimbiri, tinkapita kwa okonza njinga kukasankha ka saizi yake pakati pa timipira ta m'mabering'i. Mpando wa kampirako ukakumbika, tinkaikapo katsopano, n'kusanjikapo panchi, n'kumenya kamodzi kokha ndi hamala. Kamodzi, chifukwa ukabwereza waononga. Tinkatha kuchita zonsezi chifukwa majeke aja anapangidwa kuti azitsegulidwa. Paliponse panali nati, paliponse panali pogwira sipanala.

Galaja ija inatsekedwa kalekale, ndipo zida zake zinagulitsidwa pa okushoni. Ya botolo inapita ndi mwini malole wina wa ku Luchenza. Epco inagulidwa ndi mnzanga amene tinayamba naye kusesa, ndipo ana ake akuigwiritsabe ntchito, utoto wonse utatha.

Majeke otchipa anayamba kuchuluka kwacha itasiyidwa kuti iziyenda ndi msika mu 1994 ndiponso malonda atamasulidwa. Pambuyo pake panabwera magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito a ku Japan, otsikira ku Dar es Salaam, ku Durban ndi ku Beira, ndipo mphunzitsi, namwino ndi wogulitsa kaunjika anayamba kuyendetsa Vitz, Passo ndi Sienta. Anzanga ena a msinkhu wanga amanyoza zida za lero zonse. Ine sindili nawo. Mayi amene tayala lamuphwera pa msewu wa Zalewa usiku safuna jeke yoti adzasiyire adzukulu. Akufuna yoti angathe kuigula ndi kuinyamula yekha. Vuto limayamba pamene chida chopangidwira kusintha tayala kawiri pachaka chapatsidwa ntchito ya m'galaja ya maminibasi.

Taonani kajeke ka matayala kamene kadzaza m'mahadiweya a ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Bwalo la Njobvu ku Lilongwe. Nthawi zambiri kamakhala kofiira, kali m'kabokosi kapulasitiki, palembedwa matani 2. Kamalemera makilogalamu 9 kapena 10, kamalowa pansi pa galimoto yotalikira masentimita pafupifupi 13 kuchokera pansi, ndipo kamakwera mpaka masentimita 33 kapena kuposerapo pang'ono. Anthu amathamangira nambala ya matani, pamene nambala imene imawagwetsa m'mavuto ndi ya utaliyo. Jeke sinyamula galimoto yonse, imanyamula mbali imodzi, choncho matani 2 ndi okwanira ngakhale pa Hilux yopanda katundu. Koma Hilux ndi yaitali miyendo. Ukaika kajekeka pa chesisi, kamafika pamapeto pake tayala likadali pansi, masipuling'i akungotambasuka. Apo ndiye munthu amayamba kusanja njerwa pansi pa jeke kapena chidutswa cha thabwa pamutu pake, ngozi n'kuyandikira. Ina mwa majeke ang'onoang'onowa imabwera ndi chogwirira chachifupi, moti umapopa nkhope ili pafupi ndi galimoto, ndipo kambale kake kosenzera n'kakang'ono, kosachedwa kuterereka.

Yaikulu ya matani 3, yolemera makilogalamu 30 kapena kuposa, imakwera kufika masentimita 45 mpaka 50. Chogwirira chake n'chachitali, umatsitsira pomwepo uli chiimire, ndipo zina zili ndi timapisitoni tiwiri tothandiza kuti mutu ufike msanga pa chesisi. Ndalama za imodzi yotere ungagulire ting'onoting'ono tinayi kapena tisanu. Mnyamata amene akuyamba galaja pansi pa mtengo wa mango amaona kusiyanako n'kutenga kakang'ono, ndipo sindimuweruza, chifukwa ndalama ya lendi ikumudikira. Koma ndaona ambiri akugula kachitatu zaka ziwiri zisanathe, koyamba katapindika nthiti, kachiwiri katataya oyilo. Palinso zasiliva zopepuka, za aluminiyamu, zokongola ndithu; zimenezo n'za anthu a mipikisano ya magalimoto ndi a matumba olemera.

Chinthu china chimene ogulitsa sanena n'chakuti jeke ya matayala imafuna pansi pa simenti. Mkono wake sukwera choongoka, umakwera mokhota, kubwerera chakumene kuli chogwirira. Kuti mutu ukhalebe pomwe unauika, jeke yonse iyenera kuyenda pang'onopang'ono kulowa pansi pa galimoto pamene ukupopa. Matayala aja ntchito yake yaikulu ndi imeneyo. Pa mchenga, pa matope kapena pa miyala matayalawo amatitimira, jeke imaima, ndipo m'malo mwake imakoka galimoto kapena kuterereka pa chesisi. Tsono ndi magalaja angati kwathu kuno ali ndi simenti? Ambiri ali pa dothi lothira oyilo wakuda. Amene alibe simenti apeze chitsulo chafulati chokhuthala choti jeke iziyendapo, apo ayi aiwale za matayala.

N'chifukwa chake munthu wa pikiapu woyenda misewu yafumbi ndimamuuza kuti atenge ya botolo. Pa ndalama zomwezo imasenza matani ochuluka, ilibe mkono wopindika, imakwera choongoka, ndipo pamutu pake pali sikuluwu yoonjezera utali. Kuipa kwake n'kwakuti phazi lake n'laling'ono, imafuna thabwa lolimba pansi, komanso sikwana pansi pa galimoto zazifupi, makamaka tayala likaphweratu. Za ku Japan za Masada zinatitumikira bwino zedi pa malole. Ya sizasi imene imabwera m'buti ndi ya tayala basi. Ipakeni girizi pa mazinga ake, ndipo musalowe pansi pa galimoto imene yaima pa iyo.

Anyamata akandipempha kuti ndiwaperekeze kukagula, utoto sindiuyang'ana. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndimayamba ndainyamula. Pa majeke awiri olembedwa matani ofanana, yolemera ndiyo ili ndi chitsulo. Ndimaitembenuza kuona mowotcherera, ngati mzere wake ndi wosalala wopitirira kapena ndi madontho apatalipatali obisidwa ndi utoto. Ndimagwedeza mkono cham'mbali kuona ngati mapini akulobodoka. Ndimaona matayala, ngati ndi achitsulo. Ndimapopa mpaka pamwamba n'kuyang'ana pisitoni: ikhale yonyezimira, yopanda zipsera, yosanyowa. Kenaka ndimauza mnyamata wonenepa pa onse aime pamutu pake atagwira khoma, ine n'kumasula pang'onopang'ono. Eni masitolo ena amaseka, ena amakwiya, koma mnyamatayo akagwa mwadzidzidzi ndalama sizituluka m'thumba. Chomaliza, ndimafunafuna nati yaikulu ya pa silinda ndi kachitseko kothirira oyilo. Zina zotchipa kwambiri silinda yake anaiwotcherera kotheratu. Imeneyo silo ikatha, yatha yonse, ipite kwa ogula zitsulo zakale.

Pali kasikuluwu kena kobisika, kawirikawiri kovindikiridwa, kolembedwa kuti musakhudze. Ndi vavu yoteteza kuti katundu akapyola muyezo oyilo abwerere, jeke ikane kukwera. Anyamata ochenjera amakamanga kuti jeke ya matani 2 inyamule minibasi yodzadza matumba. Imanyamuladi, mpaka tsiku limene nthiti zake zidzapatukane.

Za dziko lochokera, tisanamizane. Majeke otsika mtengo ambiri lero amapangidwa ku China, ngakhale dzina la pabokosi litamveka lachizungu. Mumzinda wa Changshu muli fakitale yaikulu ya Tongrun imene imapanga majeke a Torin Big Red ogulitsidwa mpaka ku America, ndipo si zachilendo kupeza majeke a mitundu ndi maina osiyana ali ofanana bawuti ndi bawuti. Ku China amapanga zolimba, amapanganso zosalimba. Amene amasankha kuti kwathu kubwere ziti ndi woitanitsa katundu, ndipo iye amayang'ana thumba la wogula. Kwacha ikagwa, chitsulo cha majeke obwera chimayamba kupyapyala.

Tsopano galanti. Mwana wa mlongo wanga amakhala ku Johannesburg, ndipo atafuna kutsegulira mng'ono wake galaja ku Bangwe ananditumizira zithunzi za majeke pa WhatsApp, iliyonse ndi mtengo wake. Mtima wake unali pa imene inali ndi galanti yaitali.

"Amalume, iyi akuti zaka ziwiri. Ikaonongeka angosintha."

"Mphwanga, galantiyo iwoloka nawe pa Mwanza?"

Anakhala chete pang'ono. Ku South Africa lamulo lawo loteteza ogula la 2008 n'lamphamvu ndithu: katundu akapezeka ndi vuto m'miyezi 6 yoyamba, wogula amasankha yekha kuti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Koma ayenera kubwera naye katunduyo. Jeke ya makilogalamu 30 ikafera ku Bangwe, iyenera kukwera basi, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, n'kubwereranso njira yomweyo. Ndalama ya ulendowo mwagula ina. Ndiye muwerenge timalemba tating'ono ta pansi pa pepalalo. Magalanti ambiri a majeke otchipa sakhudza masilo, amati ndi zinthu zotha ndi ntchito, chonsecho silo ndi imene imayamba kufa. Ambiri amati chidacho chikagwiritsidwa ntchito pa malonda galanti yatha, ndiye kuti galaja ya mphwanga inali kunja kuyambira tsiku loyamba. Ukaitsegula wekha kuti uchotse kachitsotso pa kampira, yathanso.

Kuno kwathu tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda kuti mawu aja oti katundu akagulidwa sabwezedwa sangawatchinjirize ngati katunduyo ali ndi vuto. Ufuluwo ulipo, ndipo amene wagula m'sitolo yokhazikika aziugwiritsa ntchito. Ayambe ndi kujambula lisiti pa foni tsiku lomwelo, chifukwa malisiti a makina a masiku ano amafufutika okha miyezi ingapo isanathe, makamaka akakhala m'galimoto motentha. Koma wagula kwa venda wa m'mbali mwa msewu akamupeza kuti mwezi wa mawa? Ndipo ngakhale akubwezere ndalama, zimatengera kuti ndi liti. Amene anagula jeke mu Okutobala 2023 n'kubwezeredwa ndalama zake mu Disembala, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala, ndalama zomwezo sizikanamugulira jeke yomweyo. Ine sitolo ndimaifunsa funso limodzi: masilo ake muli nawo? Akati eya, n'kuwatulutsa ndiwaone, pepala la galanti angasunge okha.

Pa zonsezi pali chinthu chimene kapitawo sankalola kukambirana, ndipo ine sindilolanso. Jeke ndi yokwezera, si yogonera pansi pake. Yodula ndi yotchipa, zonse moyo wa munthu zimausenzetsa kamphete ka labala ndi kampira kachitsulo. Galimoto ikakwera, iikidwe pa masitandi, matayala otsala atsekedwe ndi miyala kapena zipika, ndipo tayala lochotsedwalo ligonekedwe pansi pa chesisi. Masitandi ndimakonda a pini yolowa mbali iyi n'kutulukira mbali inayo, chifukwa pini umaiona ndi maso. Njerwa ndi mabuloko a simenti ayi. Zimasweka kamodzin'kamodzi, pamene chipika cha mtengo chimayamba chalira, munthu n'kupeza mpata wotuluka. Dalaivala wina amene tinkadya naye mgaiwa ku Limbe anataya mkono pa zitunda za msewu wa ku Chikwawa chifukwa cha njerwa zitatu zimene anatola m'mbali mwa msewu. Anali dalaivala wosamala kwambiri. Tsikulo kunkada, mvula ikubwera. Choncho amene ndalama zake zangokwana jeke yaikulu yokha, ndimamuuza atenge yocheperapo ndi masitandi awiri.

Mphwangayo ndinamuuza asiye ya zaka ziwiri ija, atenge ina yolemera kuiposa, ya galanti yaifupi koma ya nati pa silinda, ndipo asananyamuke apite nayo kwa okonza zida za oyilo akamuyezere masilo, agule awiriawiri. Anamvera, ngakhale anafika ku Wenela akudandaula kuti a basi amulipiritsa za katundu ngati wabwera ndi munthu wachiwiri. Masitandi anaiwala. Tinakagula mawa lake ku Limbe, ndipo poti ku Bangweko ndi pa dothi, tinadutsanso ku Ndirande kukadulitsa chitsulo chafulati kuchokera ku bodi ya lole yakale. Galimoto yoyamba kukwera pa jekeyo inali minibasi ya kilatchi yotha, ndipo mng'ono wake anagwira ntchitoyo masiku awiri, mwini minibasi atakhala pa benchi kuwerengera ndalama zimene akutaya.